Khadi la mafuta: musayambe ndi discount, yambani ndi msewu wanu



Nkhani ya makhadi a mafuta yakhala ikubwerabwera pa gulu lino. Wina akafunsa kuti khadi labwino ndi liti, mayankho amangokhala mayina a makampani ndi manambala: uyu akuchotsera 30 cents pa lita, uyo 50 cents, winayo akuti Randi yathunthu. Wofunsayo amatola nambala yaikulu n'kuthamanga kukasaina. Ifenso tinachita zomwezo, ndipo sukulu fizi imene tinalipira inali yodula. N'chifukwa chake tati tinenepo maganizo athu, wofuna kutolapo atolepo.

Maganizo athu ndi akuti discount izibwera kumapeto. Choyamba ndi msewu umene truck yanu imayenda. Khadi labwino ndi limene dalaivala akalitulutsa pamalo pomwe iye amaimadi, kaya ndi usiku kaya ndi Lamlungu, dizilo amalowa m'thanki popanda kuimbira foni munthu. Zina zonse zimabwera pambuyo pa zimenezi.

Zimene zinatigwera

Ife tili ndi ma truck awiri amene tinasonkherana ndi alamu athu. Timakweza katundu ku Joni, nthawi zambiri cha ku City Deep, n'kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka ku Limbe. Tsiku lina pa yadi pomwe timapakira panabwera mnyamata wotchena bwino ndi mapepala onyezimira. Anati khadi lawo limagwira ntchito m'mayiko onse a m'njira yathu, anationetsanso mapu okhala ndi timadontho tofiira. Tinaona discount, tinawerengera m'mutu, tinasaina. Ndalama ya mafuta a ulendo wonse tinaiika m'khadimo, ndipo poti tinkati zonse zili mu khadi, dalaivala tinangomupatsa ya ma toll ndi ya chakudya.

Ku Joni zinayenda bwino. Mavuto anayamba atawoloka Limpopo. Kadontho ka ku Harare kaja kanali depoti imodzi yokha, mbali ina ya tauni, yotseka 5 koloko madzulo. Anafika itatsekedwa, ndipo poopa kuti masiku a transit amuthera, anapitirira ali ndi chikhulupiriro choti akathira ku Tete. Ku Tete anafika Lachisanu usiku geji ili pansi. Chikwangwani cha khadilo chinalipo pakhoma, koma anyamata a pa pampu anamuuza kuti anasiya kulilandira kalekale. Nambala ya thandizo yolembedwa kuseri kwa khadi inkangoitana yokha mpaka Lolemba.

Ndalama zinalipo, koma zinali zotsekeredwa mu kapulasitiki. Munthu anagona masiku awiri akulondera katundu. Tinachita kuchonderera mnzathu wa ku Moatize kuti amubwereke ma meticais, ndipo poti anali ochepa, anagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Atangodutsa Zobue fyuluta inatseka, makaniko tinachita kumuitanitsa ku Mwanza. Kasitomala wa ku Limbe anatidula ndalama chifukwa chochedwa, ndipo oda yotsatira anapatsa ena. Discount yonse imene tinapeza ku Joni siinakwane ngakhale kulipira makaniko uja.

Dzina la kampaniyo sititchula, chifukwa cholakwa chachikulu chinali chathu. Safunsa anadya phula. Tsono nazi zimene timafunsa masiku ano.

1. Akuchotsera pa mtengo uti?

Apa ndi pamene ambiri timapusira. Ku South Africa mtengo wa petulo pa pampu amaika ndi boma, koma wa dizilo ayi. Boma limangolengeza mtengo wa wholesale, umene umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, kenako mwini filling station aliyense amaikapo phindu lake monga akufunira. N'chifukwa chake ma station awiri a mumsewu umodzi amatha kusiyana mtengo wa dizilo koonekeratu. Komanso mukamatalikira kunyanja mtengo umakwera, wa ku Durban si wa ku Gauteng.

Ndiye munthu akakuuzani kuti akuchotserani 50 cents, funsani kuti pa mtengo uti. Ngati akuchotsa pa mtengo wa station yodula kale, mukhoza kupeza kuti depoti ya ma truck yoyandikana nayo ikugulitsa motsika kuposa pamenepo popanda khadi lililonse. Ife sitifunsanso za discount. Timangoti, "Lero lino, pa depoti yakutiyakuti, lita imodzi tilipira zingati mukaphatikiza zonse?" Woyankha funso limeneli mozungulira, musiyeni apite.

Kumayiko enawa nkhani ndi ina. Ku Malawi mitengo amalengeza ndi a MERA, ku Zambia ndi a ERB amene amaunika mwezi ndi mwezi, ku Zimbabwe a ZERA, ku Mozambique a ARENE. Kumene mtengo uli m'manja mwa mabungwe otere, phindu la mwini station pa lita limakhala lochepa, ndiye sangakuchotsereni zambiri. Wokulonjezani discount yaikulu yofanana m'mayiko onse, mufunseni kawiri kuti ndalamayo aitenga kuti. Kunoko ubwino wa khadi sukhala pa mtengo kwenikweni, umakhala pa kusayenda ndi mpukutu wa ndalama komanso kukhala ndi marekodi.

2. Tengani cholembera muwerengere

Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Blantyre kudzera ku Tete ndi makilomita opitirira 1,700. Truck yaikulu yodzaza katundu imayenda pafupifupi makilomita awiri pa lita, ina pang'ono kuposa apo, ina kuchepera, malinga ndi kulemera kwa katundu ndi phazi la dalaivala. Ndiye ulendo umodzi wobwera umadya malita cha m'ma 850.

Tiyerekeze kuti matanki anu amalowa malita 600 ndipo mwadzazira ku Joni ndi discount ya 50 cents. Mwapulumutsa R300. Si yochepa, koma isanalowe m'thumba chotsani izi: ndalama ya pamwezi ya khadi, ndalama imene ena amadula pa swipe iliyonse, ndi imene amadula mukamaika ndalama mu akaunti. Kenako onani kumene depotiyo ili. Ngati dalaivala akuyenera kupatuka makilomita 20 kupita ndi 20 kubwerera, amenewo ndi malita 20. Tiyerekeze lita ili pa R20, mwawotcha R400 pofuna kupulumutsa R300, osawerengera matayala ndi nthawi.

Masamu amenewa amasiyana pakati pa mwini ma truck 20 ndi ife a truck imodzi kapena awiri. Wa ma truck ambiri amagula malita ochuluka pamwezi, ndiye ali ndi pakamwa ponenerera mtengo. Nthawi zambiri nambala yaikulu imene ili pa pepala lotsatsa ndi ya anthu oterowo, imayamba kugwira ntchito mukafika pa malita akutiakuti pamwezi. Funsani kuti inu, ndi malita anu enieni, mugwera pa mtengo uti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Mapu a kampani si msewu

Musanakumane ndi wogulitsa khadi, khalani pansi ndi dalaivala wanu. Iye ndi amene akudziwa pomwe geji imafika theka, pomwe amagona, ndi pomwe sangayerekeze kuima usiku. Lembani malo amenewo pa pepala. Wa njira ya Joni alemba zake monga Polokwane, Musina, Masvingo, Harare, Tete. Wa ku Beira alemba Inchope, Chimoio, Catandica, Changara. Wa ku Dar es Salaam alemba Morogoro, Iringa, Mbeya asanatsikire ku Songwe. Wopita ku Lusaka kudzera pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021, alemba Francistown, Nata, Livingstone. Pepala limenelo ndilo mayeso a khadi. Wogulitsayo akuonetseni dzina la station pa malo alionse mwalembawo, osati dzina la dziko.

Akakupatsani mayina, musakhulupirire msanga. Imbani foni pa station ziwiri kapena zitatu, kapena funsani pa gulu lino amene wadutsako sabata ino. Funsani ngati akulandirabe khadilo, ngati amatsegula usiku ndi pa weekend, ngati interlink ingalowe ndi kutembenuka, ngati pali pogona truck potetezeka, komanso zimene amachita netiweki ikagwa. Pali malo ena amene makina akakana amaimbira ku ofesi n'kukuthirirani ndi nambala ya oda, pali ena amene amangokweza mapewa.

A njira ya Zimbabwe kumbukiraninso za seal. Katundu wa transit akaikidwa seal ya ZIMRA yolondola galimoto, truck imayenera kutsata msewu umene yapatsidwa, ndipo kupatuka popanda chilolezo kumabweretsa chindapusa cha madola a ku America. Depoti yotchipa imene ili kunja kwa msewu wanu wa transit, kwa inu ili ngati kulibe.

Makhadi alipo amitundu ingapo. Alipo a makampani a mafuta monga TotalEnergies, Puma, Engen kapena Shell, amene amagwira pa ma station awo, ndipo musaganize kuti khadi lotengedwa m'dziko lina ligwira pa station ya dzina lomwelo kutsidya kwa boda musanafunse. Alipo a mabanki a ku South Africa a eni ma fleet, amene amalandiridwa malo ambiri m'dzikomo koma mphamvu yawo ili pa kulondola ndalama. Aliponso a makampani amene anakhazikika pa ma truck odutsa maboda, amene dalaivala amathirira pa ma depoti ogwirizana nawo ndipo ena amathandizanso kulipira zina za pa boda. Palibe mtundu umene uli wabwino kwa aliyense. Wa Limbe mpaka Mzuzu ndi wa Durban mpaka Lubumbashi sangafune khadi limodzi.

4. Ndalama yake ndi iti, ndipo mulipira liti?

Ife a ku Malawi tisaiwale zimene zinatichitikira. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ngongole ya mafuta m'ma Rand kapena madola, kasitomala wake ali wolipira m'makwacha pakatha mwezi, anadzuka m'mawa ngongole itakula yokha asanathire lita ina. Choncho khadi la ngongole, lija lothira lero kulipira kumapeto kwa mwezi, limakoma kwa amene amalandiranso malipiro m'ndalama yomweyo. Ngati mumalandira makwacha, samalani nalo.

Funsaninso kuti mukaika ma Rand koma dalaivala n'kukathira ku Tete kapena ku Harare, kumene dizilo amagulitsidwa kwambiri m'madola, akusinthirani pa rate iti. Kampani ikhoza kukupatsani discount ndi dzanja lamanja n'kuilanda ndi lamanzere pa rate. Pemphani sitetimenti yachitsanzo muone ngati rate imalembedwa poyera.

Khadi loikiratu ndalama nalo lili ndi mafunso ake. Mukaika ndalama Lachisanu madzulo, imaoneka nthawi yomweyo kapena Lolemba? Mukafuna kusiya, yotsalayo amabweza pakatha masiku angati? Mpamba wa munthu wa geni sufunika kugona m'akaunti ya eni. Pa la ngongole funsani chiwongola dzanja mukachedwa, komanso funso lofunika kwambiri ili: tikachedwa kulipira ndi tsiku limodzi, mumatseka khadi nthawi yomweyo ngakhale truck ili pakati pa ulendo? Ngati yankho ndi eya, dziwani kuti tsiku limene kasitomala adzakuchedwetsereni cheke, dalaivala wanu adzagona kutchire.

5. Dizilo wotchipa ndi wotani?

Kumayambiriro kwa 2024 boma la South Africa linaulula kuti ma station 70 anapezeka akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini. Palafini ndi wotchipa chifukwa alibe misonkho imene dizilo ali nayo, ndiye wosakanizayo amatha kugulitsa motsika n'kupindulabe. Injini za masiku ano sizipirira zimenezi. Palafini alibe kuterera kokwanira, amadya pampu ndi ma injector pang'onopang'ono, ndipo mumadzazindikira truck itayamba kufuka utsi ndi kufooka pa chitunda. Mtengo wa ma injector atsopano umameza discount ya chaka chonse.

Ndiye depoti ikatsitsa mtengo mopitirira anzake onse a m'deralo, musaombe m'manja, funsani. Funsani a khadi kuti ma depoti awo amawayeza bwanji mafuta, ndipo injini ikawonongeka ndi mafuta a pa depoti yawo, mlandu ndi wa ndani. Onetsetsani kuti risiti ikulemba mtundu wa dizilo, ngati ndi 50ppm ilembe 50ppm, ndipo ma risiti muzisunga. Tsiku la mkangano ndi okhawo amene angakuyankhulireni.

6. Khadi lisakhale chikwapu cha dalaivala

Apa tiyankhulane chilungamo mbali zonse ziwiri. A driver, tikudziwa zimene zimachitika kwa ena: pa makina adutsitsa malita 400, m'thanki mwalowa 350, yotsalayo agawana ndi wa pa pampu. Ena amapopa usiku n'kugulitsa m'zigubu. Si nonse, ambiri mwa inu ndi anthu okhulupirika amene mumasiya mabanja milungu itatu kuti katundu wathu afike. Koma ochepawo ndi amene amachititsa eni ma truck kufuna makhadi. Khadi labwino likhale ndi PIN ya dalaivala, limangiriridwe ku nambala ya galimoto, lizifunsa makilomita a pa dashboard, ndipo uthenga uzifika pa foni ya mwini nthawi yomweyo mafuta akathiridwa. Likatayika muzitha kulitseka nokha pa foni, osadikira kuti ofesi itsegule.

Koma ifenso eni ma truck tili ndi mlandu wathu. Ena tikangotenga khadi timadula alawansi, ngati kuti khadi limagula nsima. Munthu akhala pa mzere wa pa Beitbridge kapena pa Nyamapanda masiku atatu, ya chakudya yatha, ya airtime yatha, bwana sakuyankha foni. M'galimoto monse chinthu chokhacho chogulitsika ndi dizilo. Mukuganiza kuti atani? Dalaivala wanjala palibe khadi limene lingamuletse. Enanso timaika malire a malita othina kwambiri, owerengera truck yopanda katundu pa msewu wosalala, kuiwala zitunda ndi maola amene injini imalira pa boda. Gwirizanani malita a ulendo musananyamuke, poona katundu amene wakwezedwa, ndipo muikepo ena apadera. Akapulumutsa mafuta, mpatseniko kangachepe. Ife tinaona kuti zimenezi zimasunga dizilo kuposa kukalipa.

Ndipo khadi likhale labwino chotani, dalaivala asanyamuke opanda ndalama ya dzidzidzi yokwana malita oti amufikitse pa tauni yotsatira. Akapanda kuigwiritsa ntchito abweza. Tikanachita zimenezi, nkhani ya ku Tete ija sikanakhalapo.

Nanga amene akuti cash ndiye mfumu?

Tikudziwa kuti ena pano muti zonsezi n'zovuta, bola kungoyenda ndi ndalama m'manja. Muli ndi mfundo. Cash sifuna netiweki, siikanidwa, ndipo pa depoti zina za ku Joni wa cash amanenerera mtengo. Kwa munthu wa truck imodzi amene amayendetsa yekha, kapena amene amangozungulira m'dziko limodzi momwe mtengo uli wofanana paliponse, mwina khadi silingamuwonjezere zambiri. Musatenge khadi chifukwa choti anzanu ali nalo.

Koma mpukutu wa ndalama za malita mazanamazana m'kabini ndi nyambo ya akuba, ndipo dalaivala ndi amene amaika moyo wake pachiswe. Kuwoloka boda ndi ndalama zambiri kulinso ndi malamulo ake, ndipo kusintha kwa anyamata a pa boda kumadya gawo lake, osanena za ndalama zachinyengo. Kwa amene muli ndi ma truck awiri kupita m'tsogolo, ndipo simukwera nawo, marekodi a khadi amakuonetsani truck imene ikumwa mafuta mopitirira, mwina vuto ndi injini osati munthu. Ife tinabwerera ku khadi, koma ulendo uno tinalowa ndi maso.

Chinthu chimodzi chimene khadi silingachite ndi kubweretsa mafuta pomwe palibe. Tonse tikukumbukira mizere ya m'ma filling station a ku Malawi mu 2022, 2023 ndi kumapeto kwa 2024, pamene ndalama zakunja zinasowa. Pampu ikauma, wa khadi ndi wa cash amagona pa mzere umodzi. Nthawi ngati zimenezo khadi lofunika ndi limene likulolani kudzaza matanki musanalowe m'dziko, kuti mukatsitse katundu ndi kutulukanso.

Mmene timachitira tsopano

Khadi latsopano timaliyesa pa truck imodzi, maulendo awiri, ndi ndalama yochepa, dalaivala ali ndi cash m'thumba. Akabwerako timakhala naye pansi, ma risiti mbali ino sitetimenti mbali iyo, n'kugawa ndalama yonse imene yatuluka ndi malita amene analowa. Nambala imene yatuluka pamenepo ndiyo mtengo weniweni wa lita, ndipo ndi imene timayerekeza ndi ya maulendo a cash. Kontrakiti yotimanga chaka chathunthu kapena yotikakamiza kugula malita akutiakuti pamwezi sitisaina tisanayese. Zonse zimene wogulitsa walonjeza pakamwa timati azilembe, ngakhale pa WhatsApp. Ndipo sitichita manyazi kukhala ndi makhadi awiri, lina la ku Joni kumene kuli discount yeniyeni, lina la kumtunda kuno kumene chofunika ndi kulandiridwa.

Madalaivala amene muli pa msewu sabata ino, inu ndi amene mukudziwa zoona. Tiuzeni malo amene khadi lanu lagwira ndi pomwe lakanidwa, mutchule tauni ndi tsiku, kuti mnzathu amene akufuna kusaina mawa aone kaye. Mutu umodzi susenza denga.

Muyende bwino nonse, Mulungu akutetezeni m'misewumo.